Kodi manda a khonsolo amagulidwa munthu akadali moyo?

Mayi a Tadala (Chibavi): Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso lolemera pang'ono, mundikhululukire kulibweretsa madzulo ano. Bambo anga akalamba, ndipo masiku ano akungonena chinthu chimodzi: akadzatisiya tidzawaike kumanda a ku Zolozolo, muno mu Mzuzu, pafupi ndi mayi, osati kwawo ku Mulanje. Tsono ndimafuna kudziwa, kodi malo kumanda a khonsolo amagulidwa munthu akadali moyo? Ndipo tsikulo likadzafika, timayambira pati? Nthawi ya mayi zonse anayendetsa ndi bambowo, ife tinkangolira.

Bambo a Yamikani: Iii mayi, zimenezo ndi malodza. Munthu akudya nsima inu mukumufunira manda? Kwathu ku Dedza mukangotero mfumu ikuitanani.

NyaGondwe: A Bambo a Yamikani, awerengeninso bwino. Si iwo ayambitsa, ndi mwini wakeyo wanena. Munthu wamkulu akanena pomwe akufuna kukagona, mwana amamvera basi.

Ankolo a ku Katoto: Mwana wanga, wafunsa bwino, ndipo wafunsa nthawi yabwino, maso akadali ouma. Choyamba umvetse ichi. Ndalama imene timalipira ku khonsolo si yoti malowo akhale athu ngati puloti ya ku Nkhorongo imene ungamangepo kapena kugulitsa. Malo a manda ndi a khonsolo. Chimene timalipira ndi chilolezo choika munthu pamenepo. N'chifukwa chake sungafike n'kunena kuti kuyambira apa mpaka apo ndi pa banja lathu, n'kuzikapo zikhomo. Kumanda a m'tauni anthu amaikidwa motsatana, amene wamwalira lero amagona pafupi ndi amene anamwalira dzulo, kaya akudziwana kaya ayi. Ngati mayi ako anaikidwa kalekale, uyambe wapita ukaone ndi maso ako ngati pambali pawo pakadali danga. Mwina panagona kale munthu wina.

Mayi a Tadala (Chibavi): Ankolo, tinapitako chaka chatha kukalambula. Mbali ina pali chiliza cha munthu wina, mbali inayo pali kampata, koma kakang'ono.

Ankolo a ku Katoto: Ndiye chita chonchi. Lemba kalata yopita ku Mzuzu City Council, ufotokoze dzina la mayi, chaka chimene anaikidwa, ndi pempho la bambo. Upite nayo wekha ku ofesi, ufunse amene amayang'anira za manda. Yankho lililonse limene akupatse, likhale la pa pepala. Akakuuza pakamwa kuti "musadandaule tidzaona", umenewo si umboni, chifukwa tsiku la maliro munthu ameneyo akhoza kukhala atasamutsidwa kapena ali pa tchuthi. Ufunsenso bambo ngati anasunga risiti ya nthawi ya mayi. Anthu a msinkhu wawo sataya mapepala, uyang'ane m'Baibulo kapena m'chikwama chimene amasungira khadi la penshoni.

Mphunzitsi wa ku Masasa: Kuwonjezera pa za Ankolo, mitengo musamaifunse pa gulu pano. Wina akuuzani ya zaka zitatu zapitazo inu n'kukonzekera imeneyo. Makhonsolo amaunikanso mitengo ya ntchito zawo akamakonza bajeti, ndipo chaka cha ndalama cha boma tsopano chimayamba pa 1 April. Komanso kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse chimene munamva isanafike nthawi imeneyo, chiiwaleni.

Bambo a Yamikani: Ine ndikadali pomwepo. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Munthu wa ku Mulanje akagone ku Mulanje, pafupi ndi amayi ake ndi atsibweni ake. Kumudzi salipiritsa manda. Mfumu imangoloza malo, adzukulu amakumba, inu mumangowaphikira. Kuno mpaka kulipira kuti ukwiriridwe?

Dalaivala wa M1: Bwana, manda a kumudzi ndi aulere, koma msewu wopita kumandako si waulere. Ine maliro ndanyamula ambiri, ndikuuzeni. Kuchoka Mzuzu kufika Lilongwe kokha ndi makilomita opitirira 300, ndipo mukafika pamenepo Mulanje akadali kutali, muyenera kudutsa Dedza, Ntcheu, Blantyre. Galimoto si imodzi, pamafunika ya bokosi ndi ina ya anamfedwa ndi amayi a mvano. Mafuta mumalipira opita ndi obwerera. Mukanyamuka usiku mumakumana ndi nkhungu ya pa Chikangawa, mumayenda ngati mukukankha galimotoyo. Kukakhala kuti mafuta akusowa m'mafilingi siteshoni, thupi limadikira mumochale inu muli pa mzere. Ndaonapo mabanja akugulitsa firiji ndi sofa kuti thupi lifike kumudzi, pobwerera ana amasiye alibe ndi fizi yomwe.

Bambo a Yamikani: Ndalama zimapezeka, abale amasonkha.

Dalaivala wa M1: Amasonkhadi. Koma amene amakuwa kwambiri pa foni kuti "thupi libwere kuno" kawirikawiri ndi amene amatumiza zochepa pa Mpamba.

NyaGondwe: Kkkkk apo mwalasa.

Namwino wopuma (Chiputula): Ndiyankheko funso lachiwiri lija, loti timayambira pati, poti anzanga mwakakamira pa loyamba. Zimatengera kumene munthu wamwalirira. Akamwalirira m'chipatala, kaya ku Mzuzu Central kaya ku St John's, achipatala ndi amene amalemba pepala lotsimikiza za imfayo ndi chimene chamupha. Pepala limenelo ndiye muzu wa zonse, musachoke osalitenga, ndipo onetsetsani kuti dzina lalembedwa ndendende monga lilili pa chiphaso cha unzika. Chilembo chimodzi chikasiyana mudzavutika nacho ku banki ndi ku penshoni miyezi yambiri. Akamwalirira kunyumba, dziwitsani mfumu kapena buloko lida wa dera lanu msanga kuti akulembereni kalata. Ikakhala imfa yadzidzidzi, ya ngozi, kapena yokayikitsa, apolisi ayenera kudziwa thupi lisanasunthidwe. Mukakhala ndi pepala lija, wina apite nalo ku khonsolo kukalipira ndi kukatenga chilolezo, wina atsale pasiwa, wina aone za bokosi. Musatume munthu mmodzi zonsezi, ndiponso musatume amene wafedwa kwenikweniyo. Mutu wake sukhala pamalo.

Namwino wopuma (Chiputula): China, setifiketi ya imfa ndi ina, imachokera ku National Registration Bureau. Imeneyo si ya tsiku la maliro, koma musaigonere. A inshulansi, a banki ndi oona za chuma cha masiye adzaifuna.

Mayi a Tadala (Chibavi): Zikomo kwambiri amayi, ndasunga uthengawu. Nanga imfa ikachitika Loweruka kapena pa holide, maofesi atatseka?

Ankolo a ku Katoto: Limenelo ukalifunse tsiku lomwe ukapereke kalata ija, akupatse nambala ya amene amaimbiridwa kunja kwa nthawi ya ntchito. Uisunge m'foni, upatsenso mlongo wako. Mabuloko lida ambiri ndi akuluampingo amakhalanso nayo, chifukwa maliro amawapeza sabata ndi sabata.

Che Bwanali: Salaam abale. Kwa ife Asilamu nkhani ya nthawi ndiye yaikulu, chifukwa sitigoneka thupi masiku. Munthu akamwalira m'mawa timayesetsa kuti aikidwe tsiku lomwelo. Tikamusambitsa timamukulunga m'sanda, timamuswalira, n'kupita naye pa jeneza, chonyamulira maliro. Kakumbidwe kathu n'kosiyananso, thupi limagona chammbali kuyang'ana ku Makka. Ndiye zoti tidikire m'bale wochokera ku Johannesburg kapena tinyamule thupi mpaka ku Mangochi sizichitikachitika, munthu amaikidwa kumene imfa yamupeza. Chimene chimatithandiza n'chakuti ku mzikiti kumakhala anthu odziwa kale njira yonse, wofedwa sayenda yekha m'maofesi. Mipingo ina mukanatengerako zimenezi.

NyaGondwe: Kwathu ku CCAP madoda ndi amayi a umanyano amagwira ntchito imeneyo ndithu, Che Bwanali. Vuto limakhala kwa uja amene amaonekera kutchalitchi pa Khirisimasi pokha.

Kalipentala wa ku Luwinga: Ine ndinenepo za bokosi, poti ndi ntchito yanga. Mukagula bokosi, uzani okumba muyeso wake nthawi yomweyo. Kumudzi adzukulu amabwera ndi bango kudzayeza, m'tauni anthu aiwala zimenezi. Makasiketi a masiku anowa ndi otambalala, ndipo zogwirira zake zimatuluka m'mbali. Ndinaona maliro ena, abusa atamaliza pemphero, anyamata agwira zingwe, bokosi likutsika, kenako lakakamira pakamwa pa manda. Silikutsika, silikukwera. Anachita kulitulutsa n'kulikhazika pa mulu wa dothi, anyamata awiri kulowa ndi makasu kusema m'mbali, kwaya ikubwereza nyimbo yomweyomweyo, mayi wamasiye ali chiimire wagwiriziridwa ndi anzake. Zonsezo chifukwa palibe anatumiza muyeso. Tepi ilipo, foni ilipo, zimangofuna munthu mmodzi wokumbukira.

Kalipentala wa ku Luwinga: Komanso musachite manyazi ndi bokosi la paini. Matabwa a ku Chikangawa akapalidwa bwino n'kupakidwa vanishi amaoneka mwaulemu. Chiswe sichisankha.

Mphunzitsi wa ku Masasa: Nkhani ya mvula musaiiwale. Mzuzu si Nsanje. Kuno mvula imatha kugwa mpaka April ndi May, ndipo manda okumbidwa madzulo mumawapeza m'mawa muli madzi ofiira. Pamaliro a mnzathu wina tinachita kukapa ndi ndowa anthu atafika kale, dothi la m'mbali likugumukira mkati. Ngati ndi dzinja, pitani ndi lona kapena malata awiri mukavindikire akangomaliza kukumba, ndipo wina akaone m'mawa mwambo usanayambe.

Mtsikana wa ku Mchengautuwa: Pepani kulowerera akuluakulu. Ine ndingochenjeza za anthu ongozungulira kumanda. Titataya achimwene anga, sinditchula kuti kunali kumanda ati, tinakumana ndi bambo wina pachipata atavala jombo ndi chipewa, akuyankhula ngati mwini malo. Anati tisavutike kupita ku ofesi, timupatse iyeyo ndalama akonza zonse, ndipo atipatsa malo abwino apafupi ndi msewu. Malume anapereka. M'mawa mwake munthu uja foni yake yosapezeka, manda osakumbidwa, ndipo titafunsa tinapeza kuti sagwira ntchito kulikonse. Tinalipira kachiwiri, maliro anachedwa mpaka dzuwa kupendeka. Ndalama perekani pa kauntala, mulandire risiti ya chidindo.

Ankolo a ku Katoto: Pepa mwana wanga. Anthu oterewa amadziwa kuti wofedwa sawerengera chenje.

Adimini: Risiti imeneyo muijambulenso pa foni n'kutumizira abale awiri atatu. Ndipo tsiku loika maliro wina ajambule malowo ataima patali, kuti mtengo kapena chiliza choyandikana nacho chioneke. Mitanda yamatabwa imawola, yachitsulo anthu ogulitsa zitsulo zakale amazula. Pakatha zaka ziwiri udzu utamera, mumapeza banja likukangana kuti mayi ali apa, ayi ali apo.

Bambo a Yamikani: Mwaona? Zonsezi kumudzi kulibe. Kumanda sikulowa munthu popanda chilolezo cha mfumu, ndipo adzukulu amadziwa manda alionse ndi mwini wake popanda risiti.

Mphunzitsi wa ku Masasa: Zoona, koma tiyeni tione mmene Mzuzu alili. Tauni ino inayamba ndi esiteti ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung cha m'ma 1940, inakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 220,000. Ambiri mwa ana athu anabadwira konkuno, kumudzi amangokumva. Mukamuika bambo ku Mulanje, zidzukulu zake za ku Chibavi zidzapitako kangati? Ngakhale Chakufwa Chihana, amene anamwalira mu 2006, anaikidwa muno mu Mzuzu. Kugona m'tauni si kutayika.

Bambo a Yamikani: Chihana anali wa boma, ndi nkhani ina. Ndipo anthu 220,000 amenewo onse akafuna kugona m'tauni, malo adzakwana? Nyumba zafika kale m'mphepete mwa manda.

Mphunzitsi wa ku Masasa: Pamenepo ndiye tikugwirizana. Mzinda ukukula, manda sakula. Ndi nkhani yofunika kuwafunsa makhansala athu akamabwera kudzapempha mavoti, kuti malo a manda atsopano akuwasunga kuti. Timawafunsa za misewu ndi misika basi.

NyaGondwe: Ine ndibwerere kwa Mayi a Tadala, chifukwa ndikuona kuti vuto lanu lalikulu si khonsolo ayi. Khonsolo mukalipira yatha. Vuto ndi abale a bambo. Ife kuno kwa Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, mkazi akalowoledwa ndi wa kwa mwamuna, iye ndi ana, ndipo akamwalira amakagona kwa mwamunayo. Nkhani imakhala yodziwikiratu. Koma kwanu ku Mulanje mwamuna ndi wa kwa amayi ake. Alongo ake ndi ana a alongo akewo ndi amene amati mwini mbumba wathu abwere kuno. Inu ana ake enieni mawu anu amatha kupepuka pamenepo. Ndinaona kwa aneba anga, bambo wa kum'mwera, mayi wa ku Rumphi. Manda atakumbidwa kale kuno, chilolezo chili m'manja, usiku kunafika lole kuchokera kwawo. Anakangana mpaka mbandakucha, thupi linapita, dzenje linatsala lokha.

Mayi a Tadala (Chibavi): Mwandigwira pamtima amama. Azakhali anga aakulu alipo, ndipo ndi olimba mutu zedi. Nthawi ya mayi sanavute poti mayi sanali awo. Koma mchimwene wawo, sindikudziwa.

Ankolo a ku Katoto: Ndiye ntchito yagona pamenepo, ndipo si yako, ndi ya bambo ako. Iwowo akadali ndi mphamvu aitane alongo awo, kapena awaimbire foni pali anthu, anene ndi pakamwa pawo. Pakhale mkulu wa mpingo, pakhale mmodzi wa ana a alongo awo, makamaka amene amamveredwa kumudziko. Ukanena iwe pambuyo pake adzati ana a m'tauni akukaniza thupi chifukwa cha nyumba. Akanena mwini wake, ngakhale wolimba mutu amaopa kutsutsana ndi mawu a malemu. Mfumu ya kwawo idziwitsidwenso mwaulemu, asamve ngati mphekesera.

Mtsikana wa ku Mchengautuwa: Ajambuleni vidiyo akunena, agogowo.

Namwino wopuma (Chiputula): Vidiyo ndi yabwino, koma muwapemphe kaye, musawajambule mobisa. Ndipo poti ayamba okha kukamba zoterezi, alembenso wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, koma pepala lolembedwa ndi mwini wake pamaso pa mboni limachepetsa phokoso. Mikangano yambiri ya "thupi lipite kuti" pansi pake pamakhala nyumba ndi ndalama za penshoni.

Bambo a Yamikani: Chabwino, akanena okha pamaso pa alongo awo ine ndilibe mawu. Koma mudzapite kumudzi pambuyo pake mukachite mwambo wa kumeta, anthu akalire m'bale wawo. Musadzangowatumizira zithunzi pa WhatsApp.

Mayi a Tadala (Chibavi): Zimenezo ndiye zosakambitsirana bambo, tidzapita ndithu.

Che Bwanali: Funso langa kwa Ankolo. Nanga chiliza, munthu amangofika ndi simenti n'kuyamba kumanga?

Ankolo a ku Katoto: Ayi, pamalo a khonsolo uyambe wadziwitsa eni ake, akuuze kukula kololedwa. Ena amamanga chiliza chachikulu ndi mpanda wachitsulo mpaka kudya njira ndi theka la manda a mnzawo. Mwina kampata kamene akunena Mayi a Tadala kanachepa chifukwa cha zomwezo. Komanso musathamangire. Dothi liyambe latitimira, ipite mvula imodzi. Mukamanga msanga chiliza chimang'aluka pakati kapena kupendekeka, ndalama ya simenti ndi matailosi yapita.

Kalipentala wa ku Luwinga: Ndipo mmisiri mumulipire theka, theka linalo akamaliza inu mutaona. Dzina ndi zaka mumulembere pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu. Pa mwala safufuta.

Dalaivala wa M1: Mmene tikukambiramu, ndani pano ali ndi polise ya inshulansi ya maliro? Tonse tili chete eti.

NyaGondwe: Ine ndili nayo ya kuntchito, koma makolo sanalowemo. Anati apitirira zaka.

Mphunzitsi wa ku Masasa: Ndi pamene pamafunika kuwerenga tizilembo tating'ono tija. Ambiri amakhala ndi malire a zaka, komanso miyezi yodikira musanayambe kuthandizidwa, ndipo mukadumphitsa kulipira polise imafa. Funsaninso ngati amapereka ndalama m'manja kapena bokosi ndi galimoto, ndipo galimotoyo imafika mpaka pati. Ife kusukulu tili ndi thumba lathu la chisoni, aliyense amadulidwa pang'ono pa mwezi. Silikwanira zonse, koma ufa, nkhuni ndi ndiwo za tsiku loyamba zimachokera m'menemo.

Mtsikana wa ku Mchengautuwa: Kubanki m'khonde kwathu tilinso ndi kathumba ka zadzidzidzi. Bwanji pa gulu pano tiyambitse lathu? Tilipo ambiri.

Adimini: Ganizo labwino, koma tisalithamangire usiku uno. Pafunika malamulo: ndani akuthandizidwa, mwini yekha kapena ndi makolo omwe, ndipo wolowa lero n'kufedwa mawa titani naye. Amene mukufuna lembani maina pansipa, Loweruka masana tikumane maso ndi maso.

Dalaivala wa M1: Ndilembeni. Koma msungichuma asakhale mmodzi, ndipo ndalama isagone pa nambala ya munthu. Gulu lathu la madalaivala linathera pomwepo.

Bambo a Yamikani: Inenso ndilembeni, koma mulembe m'malamulomo kuti ine thupi langa ndi la ku Dedza, mafuta ake muwerengeretu.